Zitsekerero za a Makwinja

Lachiwiri benchi ya ku Matawale imadzaza dzuwa lisanatuluke.
Amayi a sikelo uku, a shuga ndi a magazi othamanga uko,
ine pakati, ndi chopimira changa chotuluka mpweya pamsoko.

A Makwinja anabwera ndi chilonda pamwendo.
Akuti njinga ya kabaza inawagwetsa pamlatho wa Likangala.
Njinga siyankhula, choncho mlandu unagwera iyo.
Koma popereka kabuku ka chipatala
dzanja lawo linkanjenjemera ngati tsamba la nthochi,
ndipo mpweya wawo unali wa dzulo usiku.

Sindinawalalikire.
Ulaliki anaumva kale kwa akazi awo, kwa abusa,
kwa wapolisi wa pamsewu amene anawalanda njinga kawiri.
Ndinatsuka chilonda, ndinamanga bandeji,
kenako ndinafunsa monga mofunsira za chifuwa:
Pa sabata, mumamwa masiku angati?

"Pang'ono chabe, adokotala."
Pang'ono ndi angati, bambo?
Anayang'ana kalendala ya pakhoma nthawi yaitali
ngati yankho linalembedwa pansi pa chithunzi cha udzudzu.
"Musanditumize kuchipatala cha amisala," anatero motsitsa mawu.
"Ana anga amadutsa pamenepo popita kusukulu."

Ndinati ayi, tiyambira pompano, pa benchi ino.
Musaleke lero lomwe, thupi linazolowera,
mungagwe ndi kukomoka kunyumba kopanda wokuonani.
Titsika phiri ili mokhotakhota, ngati msewu wa Ku Chawe.
Botolo lililonse mukamwa, chitsekerero musataye.
Ikani m'jumbo, mubwere nazo.
"Nanga kachasu wa kwa a Nanthambwe? Alibe chitsekerero."
Ameneyo muziika mwala.

Sabata yoyamba anakhuthula jumbo patebulo langa:
zitsekerero makumi awiri ndi zitatu, miyala isanu ndi umodzi.
Anawerenga okha, kawiri.
Kenako anachulukitsa ndi mtengo wake, milomo ikuyenda,
n'kunena chapansipansi, "Awa ndi malata a kukhitchini."

Makumi awiri. Khumi ndi zisanu ndi chimodzi.
Khumi ndi ziwiri, magazi nawo akutsika pang'onopang'ono.
A Dailesi, akazi awo, anayamba kubwera nawo,
kukhala kunja pansi pa mtengo wa keshya, osalowa,
maso ali pa jumbo.

Kenako kunagwa maliro ku Chinamwali,
mnzawo wa pasiteji, galimoto inamugunda usiku.
Lachiwiri ilo sanabwere. Linalo sanabwerenso.
Ndinalemba dzina lawo pakapepala,
n'kumupatsa Fanuweli, mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo,
amene njinga yake ilibe mabuleki koma imafika paliponse.

Pali chimene sindinawauzepo a Makwinja.
Bambo anga anamwalira m'wodi ya amuna pachipatala chachikulu,
mimba itatupa ngati ng'oma, maso achikasu.
Kabuku kawo ndikadali nako m'sutikesi.
Zaka khumi ndi chimodzi za malungo, mutu, chilonda, mutu,
panado, panado, panado.
Masamba onsewo, palibe amene analemba funso lija.

Lero abwera, mvula ili pamapewa.
Jumbo yalemera, sakundiyang'ana kumaso.
"Ndalephera, adokotala. Miyala yokhayokha."
Ndawakokera mpando.
Ndati wolephera ndi amene wataya jumbo m'ngalande,
inu mwainyamula kuchokera ku Chinamwali mpaka kuno.

Tawerenga limodzi. Khumi ndi isanu ndi inayi.
Panja mwana akulira pasikelo,
wina akugogoda kuti mzere sukuyenda.
Adikire pang'ono.
Ndalemba nambalayo m'kabuku, tsiku la lero pambali pake,
ndipo pansi ndasiya mizere yopanda kanthu.
A Makwinja atola jumbo, aikutumula,
aipinda kanayi, n'kuiika m'thumba la malaya.